Kadontho Koyera m'Mutu mwa Tiyanjane

Kankhirani chikuni icho mkati, mayi, utsi ukutilowa m'maso. Mwati wanu akamujambula mutu mawa? Musade nkhawa, makinawo sapweteka, amangosokosa basi. Koma poti mwatchula zojambula mutu, pali nkhani imene ndinaiona pachipatala pompano, chaka chija ndinkadikirira mwana wa mng'ono wanga atatupa thupi lonse ndi matenda a impso. Chiyambi chake anandiuza mwini wake titakhala pamoto ngati chonchi. Zotsatirazo ndinazipenya ndi maso angawa.

Munthu wake anali Gelesomu Nkhwazi, wowotcherera zitsulo. Ankapanga mageti ndi mafelemu a mawindo pa kashedi kake kuseri kwa msika wa matabwa. Mkazi wake, Esinati, anali ku Joni kumene ankagwira ntchito ya m'nyumba, ndiye pakhomo anatsala awiri okha: iye ndi mwana wawo Tiyanjane, wa Sitandade 2. Onse ankangoti Tiya. Kanali kamwana kolongolola, kosakhala phee, koti bambo ake akamawotcherera kankakhala chakumbuyo n'kumawauza nkhani za m'kalasi mpaka iwo kuiwala chimene amayeza.

Inali nyengo yozizira, chimfine chili ponseponse. Chinayamba kusowa ndi kiyi wa loko wa pa shedi. Gelesomu ankamupachika pa msomali kuseri kwa chitseko kuyambira kale, koma m'mawa wina anapeza msomali wokhawokha. Anasakasaka, kugudubuza nyumba yonse, mapeto ake anakadula loko wake yemwe, makasitomala akumuyang'ana. Kenako singano imene ankasokera mabatani. Kenako timisomali ndi timawashala timene anaika m'kachitini pawindo.

"Tiya, ukumatenga zinthu zanga iwe?"

"Ayi adadi."

"Nanga zikuuluka zokha?"

Mwanayo anangokweza mapewa. Gelesomu anamukalipira pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo.

Sabata yomweyo Tiya anayamba kutentha thupi, kusanza ndi kutsegula m'mimba. Ku chipatala chaching'ono anamubaya chala, malungo sanawapeze. Anamupatsa panado ndi timapaketi ta madzi a mchere ndi shuga tija, n'kuwauza kuti azipita. Patapita masiku angapo kutsegula kunasiya, thupi linazizirako, ndipo Gelesomu anati basi zatha.

Madzulo ena ali panja akuchapa zovala za mwanayo, anamva mawu kuchokera m'nyumba.

"Eee! Lowani!"

Anadzutsa mutu. Pabwalo panalibe munthu. Nkhuku za aneba zimene zinali kupalasa pa mpanda zinali zitaima chilili, makosi ali m'mwamba. Anapukuta manja n'kulowa. Tiya anali atakhala tsonga pamphasa, ndipo anali atasunthira kumapeto kwenikweni, monga amachitira munthu wopereka malo kwa mnzake.

"Ukuyankha ndani?"

"Amene amaodirawa."

"Palibe waodira, Tiya. Gona."

Mwanayo anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akuona munthu amene anakumanapo naye kwinakwake koma wamuiwala. Kenako anati, pang'onopang'ono, lilime likumulemera: "Bambo a Tiya, kodi alendo simuwapatsa mpando?"

Gelesomu anandiuza kuti anayamba waseka, poganiza kuti mwanayo akutsanzira amayi oyandikana nawo. Kuseka kunamuthera m'kamwa ataona maso a mwana wake akutembenuka, thupi n'kuuma gwa, manja akunjenjemera. Sizinatenge nthawi. Atatsitsimuka anali lende, osamudziwa ngakhale iyeyo.

Anamubereka kumbuyo ndi nsalu ya mkazi wake n'kuyamba kutsetsereka kupita ku siteji. Dzuwa linali litangolowa. Njira ya kwawoko imadzera pa kalavati wina, pamene masiku onse pamakhala ana osewera ndi amayi ogulitsa tomato. Tsikulo panali zii. Panali mayi mmodzi yekha, atakhala pa khoma la kalavatiyo. Nkhope sanaione bwino, akuti anali atafunda mpango mpaka pamphumi. Chimene anaona n'chakuti anali atamanga nsalu yobiriwira pachifuwa monga amamangira wobereka mwana, koma kumbuyoko kunali pepe, kopanda kanthu.

"Walemera, eti?" anatero mayiyo. "Bwerani naye kuno ndikulandireni."

"Zikomo mayi, ndikuthamangira kuchipatala."

"Ndi kutali kumeneko."

Gelesomu anafulumiza. Akudutsa, Tiya amene anali chigonere chichokereni kunyumba anadzutsa mutu pa phewa lake n'kunena bwinobwino kuti, "Mwatsogola kale?"

Sanacheuke. Akuti anathamanga mpaka patapata imodzi inaduka, n'kuisiya pomwepo.

Umu ndi mmene anafikira mu wodi mwathu, phazi limodzi lili losavala. Anawapatsa bedi loyandikana ndi lathu, la pafupi ndi zenera. Madokotala anayezanso malungo, osawapeza. Anamupinda mwanayo n'kumutenga madzi a pamsana, nawonso anatuluka oyera. Chimene anapeza n'chakuti mchere wa m'magazi unali utatsika, ndiye anamuika diripi. Dokotala wake anali mayi wina wamfupi, wa magalasi, a Msowoya. Iwo anati malungo a mu ubongo si amenewa, matenda oumitsa khosi si amenewanso, ndiye pafunika kujambula mutu ndi makina aakulu aja kuti aone mkati.

"Jambulani lero," anatero Gelesomu.

"Makina ndi amodzi, bambo, ndipo anthu ndi ambiri. Tikuuzani tsiku."

Tsikulo ankangolisuntha. Lero akuti kwabwera wangozi, mawa akuti magetsi akuvuta. Gelesomu anali munthu wozolowera kuti chinthu chikathyoka amachigwira ndi manja n'kuchilumikiza. Pano ntchito yake inali kukhala pa benchi n'kumayang'ana madzi akudontha mu diripi. Madzulo abambo ankawatulutsa mu wodi, iye n'kumakagona pakhonde pa katoni. Ndiye anandipempha kuti, "Mayi, muzindiyang'anirako mwanayu." Ndinavomera.

Ndikuuzeni, mwana ameneyo sankavuta. Sankalira, sankakuwa. Ankangogona kumphepete kwenikweni kwa bedi, theka lonse n'kulisiya lopanda kanthu. Ndikamusunthira pakati kuti angagwe, ndikangotembenuka wabwerera kumphepete. Nthawi zina ankalankhula motsitsa, n'kudikira, n'kugwedeza mutu, n'kulankhulanso. Diresi lake lachikasu ankakana kulivula. Ukaligwira ankakumenya dzanja. Tsiku lina ndinasowa pini amene ndinkamangira kachikwama kanga m'kati mwa bulauzi, pini wopindika kumutu. Ndinafunsa amayi onse a mu wodi, mpaka ena anandikwiyira.

Kenako anafika a Dizimasi, mchimwene wake wa Esinati, malume a mwanayo. Anabwera ndi jekete lalikulu ndi chipewa, n'kuima pafupi ndi bedi. Tiya anawayang'ana n'kuwauza kuti, "Musaime pamenepo, mukuwaponda nsalu." A Dizimasi analumpha ngati aponda moto. Anamukokera Gelesomu kukhonde, koma mawu awo tinkawamva tonse.

"Alamu, izi si zachipatala. Inunso mukuona."

"Akufuna amujambule kaye."

"Ajambule chiyani? Mwanayu ndi wathu, mbumba ndi yanga. Ndimutenge apite kumudzi, akuluakulu akamuone."

"Muchotse diripi ndi manja anu?"

"Mukudikira afere pano kuti mukhulupirire?"

Madzulo ake Esinati anaimba foni kuchokera ku Joni. Gelesomu anali pano pa khitchini, pamene mwakhala inupo, foni ili kukhutu, iye akungoti, "Ndamva... ndamva... iyayi, sindikukana abale ako." Atadula anatembenukira kwa ine n'kuti, "Mayi, akuti chikachitika chilichonse ndidziwe kuti ndine." Ndi tsiku limenelo pamene anandifotokozera za kiyi ndi za mayi wa pa kalavati.

Tsiku lojambula linakwana. Anandipempha kuti ndiwaperekeze poti mwanayo anali atandizolowera. Chipinda cha makinawo chili kumapeto kwa khonde lalitali, kozizira ngati mufiriji. Bambo woyendetsa makina anatiimitsa pakhomo n'kufotokoza kuti mkatimo muli maginito amphamvu kwambiri, ndiye chitsulo chilichonse, ngakhale kakang'ono bwanji, sichilowa.

"Inu bambo mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimawotcherera."

"Tizitsulo tinakugweranipo m'maso chiyambire?"

"Kambirimbiri. Ndiyo ntchito yake."

"Ndiye inu simulowa. Kangakhale katatsalira kamodzi, maginito akhoza kukakoka n'kukuonongani diso."

"Mwana wanga akalowe yekha m'menemo?"

"Alowa ndi anesi."

Nesi anayamba kumuvula Tiya diresi kuti amuveke chovala chachipatala. Mwanayo analimbana naye, koma mphamvu analibe. Diresi litagwa pansi linalira, ngwee. Nesi analitola, n'kupapasa mpendero wake, n'kutiyang'ana. Anatenga lumo n'kutumbula. Pa tebulo panagwa kiyi, singano, timisomali, timawashala. Pomalizira panagwa pini wopindika kumutu.

Pini ameneyo anasowa tili mu wodi, ndipo mu wodimo sindinaonepo munthu akusoka. Msokowo unali wa ulusi wakuda, waung'onoung'ono, wolongosoka kuposa wa telala.

"Bambo, zimenezi n'chiyani?" nesi anakalipa. "Mukufuna kumupha mwana ndi zithumwa zanuzi?"

"Si ine. Diresi limenelo ndinalichapa ndekha, munalibe kanthu."

"Nanga wasoka ndani?"

Woyendetsa makina anati sangamulowetse asanatsimikize kuti mwanayo sanamezeko china. Anatitumiza ku ekisire kukaunika m'mimba. Kumeneko kunali mzere. Pobwerako, atapeza kuti m'mimba mulibe kanthu, nthawi yathu inali itapatsidwa kwa wina.

Gelesomu anakawapeza a Dizimasi pansi pa mtengo wa pageti n'kuwaonetsa zitsulozo m'manja.

"Ndinu munasoka izi?"

"Ine? Kiyi wanu ndikanamuona kuti? Ndabwera dzana ine." A Dizimasi anabwerera m'mbuyo osafuna kuzikhudza. "Alamu, mukufunabe umboni wina?"

Gelesomu anaponya zonse m'ngalande, n'kukhala pansi atagwira mutu.

Ulendo wachiwiri anamupatsa Tiya mankhwala ogonetsa kuti asagwedezeke. Anamugoneka pa kabedi kopapatiza, mutu n'kuutsekera m'chinthu chonga dengu, kabediko n'kulowa naye m'mphako ya makina. Woyendetsa uja anamumvera chisoni Gelesomu, anamulola kuima mu kachipinda kake, kuseri kwa galasi, ine ndili pambali pake. Tinkangoona timapazi ta mwanayo.

Makina anayamba. Inu mudzawamva mawa. Amayamba ndi kung'ung'udza, kenako amagogoda: go, go, go, go, ngati munthu waima pa chitseko cha malata ndipo sakufuna kuchoka. Amasiya pang'ono, n'kuyambanso mwamphamvu. Pa tebulo la woyendetsayo panali kasipika komvera wodwala ali mkati. Kugogoda kutangodukiza, m'kasipikamo munamveka mawu, osati a munthu wogona ayi, omveka bwino.

"Eee. Lowani."

Woyendetsa anayang'ana nesi kudzera pagalasi. Nesi anawerama n'kusuzumira m'mphakomo, n'kubwerera akugwedeza mutu, kusonyeza kuti mwana ali m'tulo. Bamboyo anatambasula dzanja n'kutsitsa mawu a kasipika kaja.

Mawa lake a Msowoya anaitana Gelesomu ndi a Dizimasi, ine ndinatsatira nditanyamula Tiya. Pa kompyuta panali chithunzi chotuwa, chozungulira, cha mbali ziwiri ngati mtedza wobanthula pakati. Chonse chinali chotuwa mofanana, kupatula malo amodzi. Pakati penipeni, chakumbuyo pang'ono, panali kadontho koyera mbee, kooneka ngati njere ya nyemba itagona chopingasa. M'mbali mwake munali mosalala ngati wina wachita kukajambula ndi choko.

"Ndi ichi," anatero dokotala. "Ubongo uli ndi mbali ziwiri, ndipo apa ndi pamene zimalumikizana. Kumapeto kwakeku kwatupa pang'ono. Zimachitika kwa ana ena akadwala chimfine champhamvu kapena kutsegula m'mimba. Mwana amasokonezeka, amalankhula zosamveka, amaona zinthu, ena amakomoka."

"Ndi chotupa?" anafunsa Gelesomu.

"Ayi. Si khansa, si magazi, si mafinya. Taonani, kali kokhakokha, pakati, mbali zonse n'zofanana, ndipo kwina konseku kuli bwino. Kakaoneka chonchi, nthawi zambiri kamatha kokha, mwana n'kubwerera mwakale."

"Ndiye mumuchita opaleshoni?"

"Ayi."

"Mankhwala ake?"

"Tipitiriza kukonza mchere wa m'magazi, ndi kumuteteza kuti asakomokenso. Kwinako ndi kudikira."

"Kudikira." Gelesomu anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Adokotala, ndadikira makina, ndadikira magetsi, ndadikira ekisire. Lero mwachipeza, mukuchiona ndi maso, mukuchiloza ndi chala, ndiye mukuti tichisiye?"

"Ndikumvetsa, bambo."

"Chinalowa bwanji m'menemo?"

"Palibe chinalowa. Ndi thupi lake lomwe, polimbana ndi matenda aja."

"Nanga zitsulo za mu diresi? Thupi lake lomwe?"

A Msowoya anavula magalasi n'kupukuta maso. "Zimenezo sindingakunamizeni kuti ndikuzidziwa. Ine ndikudziwa za chithunzichi."

Nthawi yonseyi a Dizimasi anali ataweramira kompyuta, chipewa chili m'manja. Anadzuka n'kunena motsitsa kuti, "Mwamuona, alamu? Wakhala pakati penipeni. Ngakhale makina amuona."

Tiya, amene anali pa miyendo yanga, anatembenuza mutu n'kuyang'ana chithunzicho. Anamwetulira monga amachitira mwana akaona munthu womudziwa pa chithunzi cha ukwati.

Masana a tsiku lotsatira a Dizimasi anabwera ndi galimoto ya hayala, n'kuiimika pageti. Analowa mu wodi nthawi yoona odwala, foni ili m'manja, Esinati ali pa foniyo akulira. Anayamba kupinda bulangeti la mwanayo. Gelesomu anaima pakati pa iwo ndi bedi.

"Chokanipo, alamu."

"Sindichoka."

"Mayi ake avomera. Ndi awa, amveni."

M'foni munkamveka Esinati: "Gelesomu, ndakupempha, mlekeni apite! Iwo omwe akuti alibe mankhwala!"

Amayi a mu wodi anasiya kudyetsa ana. Gelesomu sanasunthe. Ndikukhulupirira kuti mumtima mwake theka linkagwirizana ndi mlamu wakeyo, pakuti iye ndi amene anaona zambiri kuposa tonsefe. Koma anati, "Akakomokera panjira mumutani? Mumuthira madzi? Ine sindikudziwa chimene chili m'mutu mwa mwanayu. Inunso simukudziwa. Koma diripi ili pano." Anagwira chitsulo cha bedi ndi manja onse awiri, manja ake a zipsera, ndipo a Dizimasi ataona kuti pafunika ndewu, anaponya bulangeti pansi n'kutuluka. Pakhomo anatembenuka n'kuti, "Maliro ake mudzaika nokha."

Madzulo omwewo, abambo akutulutsidwa, ndinamva Gelesomu akuthamanga pakhonde. Ndinasuzumira. Anali kumapeto kwa khonde, kumene kuli chitseko chotulukira kochapira, akugwedeza chitsekocho. Chinali chokhoma ndi unyolo. Anabwerera akupuma mwamphamvu.

"Mwamuona?"

"Ndani?"

"Wa nsalu yobiriwira. Anaima apo, akusuzumira pa zenera lathu."

Ine sindinaone munthu. Koma zenera limenelo ndinalitseka ndekha masana, ndipo nditalowa ndinalipeza lotsegula. Ndinalimanga ndi chingwe cha nsapato.

Masiku otsatira sanali abwino. Esinati anasiya kuyankha foni. Tiya ankagona nthawi yambiri, akadzuka n'kumayang'ana malo opanda kanthu aja a pa bedi. Gelesomu anaonda, ndevu zinamera, ndipo m'mawa uliwonse ankadikira a Msowoya pakhomo ndi funso lomwelo. Iwo ankamugwira mwanayo, kumuunika m'maso, kumufunsa dzina, n'kunena kuti mchere ukukwera, tipitirize.

Kenako m'mawa wina, anthu a phala akulowa ndi ndowa zawo, ndinamva kamawu kosasa kumbali kwanga.

"Adadi ali kuti? Kuno n'kuti?"

Ndinacheuka. Tiya anali atagona pakati pa bedi, miyendo ili tambasu, manja uku ndi uku. Ndinathamangira kukhonde kukamuitana Gelesomu. Atalowa, mwanayo anakwinya nkhope.

"Adadi, ndevuzo bwanji? Mukuoneka ngati wamisala. Ndili ndi njala, ndikufuna mandasi."

Bambo uja anagwada pansi n'kubisa nkhope m'matiresi. Mapewa ake okha ndi amene ankagwedezeka.

Kuyambira pamenepo zinayenda mofulumira. Anayamba kudya, kuyenda, kusewera ndi wathu, kulongolola mpaka anesi kumuuza kuti apumeko. Gelesomu anayesa kumufunsa mwanzeru. Ukukumbuka alendo aja? Alendo ake ati? Nanga mayi wa pa kalavati? Mayi uti? Diresi lako lachikasu anakusokera ndani? Mwanayo anangoti, "Lili kuti diresi langa? Mwalitaya eti?" Chomaliza chimene ankakumbuka chinali kumwa madzi a mchere kunyumba.

Anamujambulanso asanatuluke. Ulendo uno analowa ali maso, anangomutseka m'makutu, ndipo potuluka anati makinawo akulira ngati chigayo. A Msowoya anaika zithunzi ziwiri pamodzi, chakale ndi chatsopano. Pamalo paja panali potuwa ngati pena paliponse. Popanda chipsera, popanda mthunzi.

"Mwaona?" anatero akumwetulira. "Katha."

"Kapita kuti?"

"Sikanapite kulikonse, bambo. Kutupa kwaphwa."

"Kadzabweranso?"

"Kawirikawiri ayi."

"Kawirikawiri," anabwereza Gelesomu. Anayang'anitsitsa chithunzi chatsopanocho ngati mmene munthu amayang'anira m'chipinda chimene wamva phokoso koma wapeza mulibe kanthu. Anathokoza n'kutuluka.

Foni zinayambanso kulira. A Dizimasi anati mwana wachira chifukwa iwo atabwerera kumudzi sanakhale pansi, anachita zoyenera kuchita. Esinati anati ndi mapemphero a kutchalitchi kwawo ku Joni. Anesi ankati ndi diripi. Aliyense anali ndi yankho lake ndipo anali wokhutira nalo. Gelesomu yekha, amene anagona pa katoni masiku onsewo, ndi amene analibe.

Tsiku lotuluka, akumanga katundu, kunabwera mayi wina wachitsikana ndi kamwana kakakazi ka zaka zinayi kapena zisanu, kotentha thupi, maso ali mwaa. Anali ochokera kutali, kuseri kwa mapiri, anafika ndi ambulansi. Poti malo kunalibe, nesi anangosintha nsalu pa bedi la Tiya n'kukagoneka pomwepo, eni ake asanatuluke n'komwe. Gelesomu ananyamula chikwama, n'kunditsanzika, n'kugwira dzanja la mwana wake. Atayenda pang'ono, kamwana kaja kanadzuka n'kukhala tsonga.

"A Nkhwazi."

Anaima.

"Chitseko chakuseri kunyumba kuja munasiya chosakhoma."

Mayi wa kamwanako anayang'ana mwana wake, n'kuyang'ana Gelesomu. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Bambo, mwana wanga wakudziwirani kuti?"

"Sindikumudziwa, mayi. Mwina wamva anesi akunditchula."

"Tangofika kumene ife! Wakudziwirani kuti? Mwamutani mwana wanga?"

Anamugwira malaya. Amayi ena anayamba kudzuka m'mabedi, kunong'onezana. Gelesomu anayesa kulankhula. Ndinaona kuti akufuna kumuuza mayiyo zonse, za kadontho, za kudikira, kuti asaope, koma akanayambira pati kuti zisamveke ngati akuvomera mlandu? Anangoti, "Mayi, musamuchotse muno, chonde," ndipo mawu amenewo ndi amene anamuopsa kwambiri mayiyo, anayamba kukuwa. Anesi anabwera n'kuwalekanitsa. Mlonda anamuperekeza Gelesomu mpaka pageti ngati wakuba, Tiya akufunsa njira yonse kuti, "Adadi, mwalakwa chiyani?"

Kamwana kaja nakonso anakajambula. A Msowoya anandiuza okha, nditawafunsa, kuti nyengo ya chimfine ana otere amatha kubwera motsatizana, ndipo palibe chodabwitsa. Kanachira n'kupita kwawo kali bwinobwino.

Gelesomu ndinadzakumana naye chaka chotsatira ku msika wa matabwa, ndikufuna mbaula. Tiya anali pomwepo pa shedi, wanenepa, akuwerenga mokweza zolembedwa pa makatoni. Tinacheza. Esinati anali atabwerako, koma ndi a Dizimasi sankalankhulana. Ndinamufunsa za chitseko chakuseri, ngati anachipeza chokhoma kapena ayi. Anangoti masiku ano nyumba yawo ili ndi khomo limodzi, linalo analiwotcherera.

Pondiperekeza anatsitsa mawu kuti mwana asamve.

"Mayi, kamwana kaja katatuluka, pa bedi paja panagona ndani?"

Ndinamuuza zoona. Tsiku limene kanatuluka, sisitala anabwera n'kundiuza kuti tisamukire pamenepo, poti wathu ankafunika mpweya wa pa zenera. Ndinakana. Anandikalipira pamaso pa anthu, kuti ndine mayi wamkulu wosaganiza, kuti bedi ndi bedi. Ine ndinangoti zikomo sisitala. Ndinayala chitenje pansi pa simenti, pakona, n'kugoneka mwana wa mng'ono wanga pamenepo, ndipo tinagona pansi mpaka tsiku lotuluka.